Pac-Man: kuchoka m'makina oponya ndalama kukafika pabalaza

Ambiri a ife Pac-Man tinamudziwira pa TV yapabalaza, ena pafoni. Kamutu kachikasu kozungulira, kukamwa kukungoti yasa, tseke, yasa, tseke, kakudya timadontho m'tinjira tokhotakhota, mizukwa inayi ili m'mbuyo. Ena anamupeza m'makaseti aja a TV gemu olembedwa kuti muli magemu zikwizikwi, pomwe ukayatsa umapeza kuti ndi ochepa omwewo akungobwerezedwa ndi mayina ena. Ndiye munthu ungaganize kuti gemuyi inabadwira m'nyumba. Ayi ndithu. Inabadwira m'chibokosi chachitali ngati munthu wamkulu ataimirira, chokhala ndi kabowo koponyamo ndalama yachitsulo, ndipo chilichonse chimene chili mu gemuyi chinapangidwa poganizira chibokosi chimenecho ndi kabowo kake. Kuichotsa m'menemo n'kuilowetsa m'nyumba za anthu popanda kutaya chilichonse panjira kunatenga zaka zoposa 15. M'zaka zimenezo gemuyi inachititsa manyazi kampani imene inali patsogolo pa onse pa nkhani ya magemu, inafikitsa makampani kukhoti, ndipo inabala mnzake amene ndalama zake zinadzabutsa mkangano patapita zaka zambiri.

Kumene anabadwira

Kampani ya Namco, imene inapanga Pac-Man, inayamba ndi timahatchi tiwiri tokwerapo ana. Mu 1955 Masaya Nakamura anatiika padenga la sitolo ina yaikulu mumzinda wa Yokohama ku Japan, kuti ana azikwera makolo akalipira. Kuyambira pachiyambi pomwe, bizinezi yake inali ya ndalama zachitsulo: munthu aponye kandalama, asangalale kanthawi, apereke mpata kwa wina. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 timahatchi tija tinali titalowedwa m'malo ndi makina a sikirini. Mu 1978 kampani ya Taito inatulutsa Space Invaders, ndipo dziko lonse la Japan linapenga nayo. Aliyense anayamba kupanga magemu oombera zilombo zochokera kumwamba. Namco nayo inatulutsa yake, Galaxian, mu 1979.

Toru Iwatani analowa ntchito ku Namco mu 1977 ali ndi zaka 22. Iye wakhala akufotokoza kuti nyumba zosewereramo magemu nthawi imeneyo zinali zamdima, zodzaza anyamata okhaokha, ndipo magemu ake anali a kupha basi. Ankafuna gemu imene mtsikana angasewere osachita manyazi, imene chibwenzi chingasewere limodzi. Ndiye m'malo mwa kuombera anasankha kudya. Dzina linachokera ku mawu a Chijapani akuti paku-paku, otsanzira kutsegula ndi kutseka kwa pakamwa munthu akamadya. Nkhani yotchuka imati maonekedwe a Pac-Man anawaona pa pizza imene anali atadulapo chidutswa chimodzi, koma mwiniwakeyo ananenaponso kuti mbali ina anatengera chilembo cha Chijapani chotanthauza pakamwa, chimene ndi cha ngodya zinayi, iye n'kuchizunguliza.

Ntchito inayamba mu 1979 ndi kagulu ka anthu osakwana 10, ndipo inatenga chaka ndi miyezi ingapo, yomwe inali nthawi yaitali pa magemu a masiku amenewo. Shigeo Funaki ndi amene analemba pulogalamu, Toshio Kai anapanga kanyimbo koyambira kaja. Pa 22 May 1980 anakaika makina oyamba ku Shibuya mumzinda wa Tokyo kuti aone mmene anthu awalandirire. Dzina lake linali Puck Man.

Chinsinsi chili pa mizukwa

Munthu amene sanaiseweremo kwambiri amaona ngati Pac-Man ndi gemu ya kuthawa chisawawa. Koma zimene zinaipangitsa kukhalitsa zili m'kati, ndipo n'zofunika kuzimvetsa, chifukwa ndi zomwezi zimene zinkatayika gemuyi ikamasamutsidwira kunyumba.

Sikirini ya makinawa inali yoimirira, yaitali kupita m'mwamba kusiyana ndi m'mbali, ngati mmene timagwirira foni. Inagawidwa m'timabokosi tosaoneka, 28 m'lifupi ndi 36 m'litali. M'tinjira muja muli timadontho 240 ta mapointi 10 kalikonse, ndi madontho anayi akuluakulu a mapointi 50 pafupi ndi ngodya. Ukadya lalikulu, mizukwa imasanduka yabuluu n'kuyamba kukuthawa, ndipo ukaigwira motsatizana umapeza mapointi 200, 400, 800, kenako 1,600. Pa gawo loyamba mwayi umenewu umakhala masekondi 6. Magawo akamapita nthawiyo imafupika, ndipo kuyambira gawo la 19 mizukwa siisandukanso yabuluu n'komwe. Apa ndi pamene dzanja la mwini makina likuonekera: gemu ikukome poyamba kuti uikonde, kenako ikuthine kuti ufe, uponyenso ndalama ina kapena upatse mpata mnzako amene waima kumbuyo kwako.

Tsopano mizukwa. Akuti Nakamura ankafuna kuti yonse inayi ikhale yofiira, koma Iwatani anakana, atafunsa anzake a pantchito n'kupeza kuti akugwirizana naye. Anachita bwino zedi, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi khalidwe lake. Wofiira, amene ku America anamutcha Blinky, ku Japan ndi Oikake, kutanthauza wothamangitsa. Iye amalunjika pa kabokosi kamene Pac-Man waima, alibe nzeru zina. Wapinki, Pinky, ndi Machibuse, wobisalira: salondola pamene uli koma timabokosi tinayi kutsogolo kwako, kuti akakudulire njira. Awiriwa akagwirizana, wina kumbuyo wina kutsogolo, ndi pamene anthu ambiri amafera. Wabuluu, Inky, ndiye wovuta kumumvetsa, ndipo dzina lake la Chijapani, Kimagure, limatanthauza wosinthasintha maganizo. Makina amatenga malo amene ali timabokosi tiwiri kutsogolo kwa Pac-Man, n'kuyeza mzere kuchokera pamene pali Blinky kufika pamalowo, kenako n'kuutalikitsa kawiri. Pamene mzerewo wathera ndi pamene Inky akulowera. Choncho Blinky akakhala kutali Inky amaoneka wosokonekera, koma Blinky akakuyandikira Inky nayenso amatulukira pafupi. Womaliza, wa mtundu wa lalanje, Clyde, ndi Otoboke, wonamizira kupusa. Akakhala kutali kupitirira timabokosi 8 amakuthamangitsa ngati Blinky, koma akangoyandikira amatembenuka n'kulowera ku ngodya yake ya kumunsi kumanzere.

Iwatani anaonanso kuti munthu akamathamangitsidwa osapuma amatopa n'kuisiya gemu. Ndiye mizukwa imabwera ngati mafunde. Pa gawo loyamba imayamba ndi masekondi 7 uliwonse ukupita ku ngodya yake, kenako masekondi 20 a kusaka, kenako kupumanso. Ikalowa m'khomo la m'mbali lija lotulukira mbali inayo imachepetsa liwiro, pamene Pac-Man sachepetsa. Pokhota, Pac-Man amadula ngodya mwachangu kuposa iyo. Tonseti ndi timipata timene wosewera amaphunzira ndi ndalama zake, kamodzikamodzi, mpaka dzanja lidziwe lokha. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali luso lenileni: ndi malamulo anayi afupiafupi, pa purosesa ya Z80 ndi pulogalamu ya makilobayiti 16 okha, anapanga zilombo zimene munthu umatha kukwiya nazo chilichonse pachokha, ngati anthu.

Ku America, ndi gawo la 256

Ku Japan gemuyi poyamba inayenda bwino koma mosadabwitsa. Moto unayakira ku America, kumene kampani ya Midway ya ku Chicago inatenga chilolezo choigulitsa chakumapeto kwa 1980. Iwo ndi amene anafuna kuti dzina lisinthe, poopa kuti anyamata opulupudza azikanda chilembo P cha Puck n'kusandutsa dzinalo kukhala mawu otukwana a Chingerezi. Pasanathe nthawi yaitali makina oposa 100,000 anali atagulidwa, ali m'malo omwera, m'malo odyera, m'mabwalo a ndege, paliponse pamene munthu angakhale ndi kandalama ka masenti 25 m'thumba. Mu 1982 nyimbo yonena za gemuyi inafika pa nambala 9 pa Billboard, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, ndipo chaka chomwecho pa TV panayamba katuni ya Pac-Man.

Akatswiri sanachedwe kutulukira kuti mizukwa ikamasaka ilibe mwayi kapena ngozi: ukayenda njira yomweyo pa nthawi yomweyo, nayo ichita zomwezo. Anayamba kuloweza njira, ndipo mabuku ophunzitsa njirazo anagulidwa kwambiri. Kwa eni makina limeneli linali tsoka, chifukwa munthu mmodzi ankatha kukhala pa makina ola lathunthu ndi kandalama kamodzi.

Oloweza njirawa ndi amenenso anakafika kumene opanga gemu sankaganiza kuti munthu angafike. Nambala ya gawo imasungidwa m'kamalo kamene kamatha kuwerenga kuyambira 0 kulekeza 255. Ukafika gawo la 256, chigawo cha pulogalamu chojambula zipatso kumunsi kwa sikirini chimasokonezeka, n'kuyamba kumwaza zilembo ndi manambala pa theka lonse la kumanja. Timadontho totsala sitikwana kuti gawolo lithe. Gemu imathera pomwepo, osati chifukwa wina anakonza choncho. Zimenezi zikutanthauza kuti pali malire a mapointi amene munthu angapeze: 3,333,360, ngati wadya kadontho kalikonse, chipatso chilichonse ndi mzukwa wabuluu uliwonse, osafa ngakhale kamodzi. Woyamba kuvomerezedwa kuti wafikapo anali Billy Mitchell, mu July 1999 ku Funspot, nyumba yosewereramo magemu m'chigawo cha New Hampshire.

Atari 2600: kuthira madzi a m'mgolo m'kapu

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mawu akuti gemu yakunyumba ankatanthauza Atari. Makina ake, amene anatuluka mu 1977 ndipo pambuyo pake anatchedwa Atari 2600, anali m'nyumba mamiliyoni. Mu 1980 kaseti ya Space Invaders inachititsa anthu ambiri kugula makinawo kuti angosewera gemu imodziyo, ndiye Atari itapeza chilolezo cha Pac-Man inadziwa kuti yagwira nsomba yaikulu. Ntchito inapatsidwa kwa munthu mmodzi, Tod Frye.

Kuti timuweruze mwachilungamo tiyenera kuona chimene anapatsidwa. Atari 2600 inapangidwira magemu a zinthu ziwiri zolimbana, monga akasinja awiri kapena timatabwa tiwiri tomenya mpira. Imatha kujambula zithunzi ziwiri zokha zoyenda pa mzere umodzi wa sikirini, kuphatikiza tizipolopolo tiwiri ndi kampira. Memore yake yogwirira ntchito ndi mabayiti 128. Uthenga umodzi wa SMS umalola zilembo 160, ndiye kuti makinawa sakanatha kusunga ngakhale uthenga umodzi wathunthu. M'kamalo kameneko munayenera kulowa malo a Pac-Man, malo a mizukwa inayi, mapointi, miyoyo yotsala, ndi kadontho kalikonse kamene kadyedwa, ndipo Frye anaikamonso mwayi wa osewera awiri olandizana, zomwe zinadyanso malo ena. Makinawa alibe posungira chithunzi chonse cha sikirini. Wolemba pulogalamu amayenera kuuza TV chojambula mzere ndi mzere, pa nthawi yomweyo imene TV ikujambula, maulendo 60 pa sekondi. Kaseti yake inali ya makilobayiti 4, pamene ya makina aakulu pulogalamu yokha inali 16, zithunzi kupatula. Kuwonjezera apo, TV yapabalaza ndi yogona, pamene tinjira ta Pac-Man tinapangidwira sikirini yoimirira.

Taganizirani mwana amene wadikira miyezi, mu March 1982 watsegula bokosi, walowetsa kaseti, wayatsa. M'malo mwa mdima wakuda ndi makoma abuluu, akuona sikirini yabuluu ndi makoma ofiirira. Timadontho tasanduka timizere. Khomo lothawira lachoka m'mbali, lili pamwamba ndi pansi. Zipatso kulibe, pali kabokosi kamene kabuku ka malangizo kakutcha vitamini. Pac-Man akamakwera kapena kutsika satembenuza nkhope, amangoyenda cham'mbali ngati nkhanu. Phokoso lija la waka-waka lasanduka kugogoda kouma. Koma chopweteka kwambiri ndi mizukwa. Poti chithunzi chimodzi chinatengedwa ndi Pac-Man, mizukwa inayi inayenera kugawana chimodzi chotsalacho, kumaonekera mosinthana, uliwonse kamodzi pa maulendo anayi. Zotsatira zake inkangothwanima ngati nyali imene batire likutha, mitundu yake yosasiyanitsika bwino, ndipo makhalidwe anayi aja kunalibe. Pa makina aakulu zilombozi zinkatchedwa ma monster. Kabuku ka Atari kanazitcha mizukwa, dzina logwirizana ndi kuthwanimako, ndipo ndi limene linakhazikika.

Makaseti oposa 7 miliyoni anagulidwa, kuposa gemu ina iliyonse ya Atari 2600. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu anagula dzina, atafika kunyumba anapeza china, ndipo chikhulupiriro chawo pa Atari chinayamba kugwedera kuyambira pamenepo.

Ine sindiika mlandu wonse pa Frye. Chaka chotsatira Ms. Pac-Man, mnzake wa Pac-Man amene tikamba za iye kutsogoloku, inatuluka pa makina omwewo ili ndi kaseti ya makilobayiti 8, ndipo inali ndi mizukwa ya mitundu yooneka, zipatso zoyenda ndi tinjira tosiyanasiyana. Ndiye kuti makinawo akanatha kuchita bwino koposa, kampani ikanalola kuwonongerapo ndalama ndi nthawi. Patapita zaka zambiri anthu ongoikonda gemuyi analembanso Pac-Man yabwino kwambiri m'makilobayiti 4 momwemo, koma iwo anali ndi nzeru zonse zimene anzawo anatulukira m'zaka zapakatizo, ndiponso panalibe bwana wowaimirira pamsana. Atari yomweyo inatulutsa Pac-Man yooneka bwino pa makompyuta ake a 400 ndi 800 komanso pa Atari 5200 mu 1982, kungoti nyumba zokhala ndi makina amenewa zinali zochepa. Kampani ya Coleco nayo inagulitsa kwambiri kabokosi ka mabatire kooneka ngati makina aakulu aja atachepetsedwa, koika patebulo.

Atari isanatulutse n'komwe kaseti yake, inali kale kukhoti. Mu 1981 pa makina a Odyssey 2, amene ku Ulaya ankatchedwa Philips Videopac, panatuluka gemu yotchedwa K.C. Munchkin, yolembedwa ndi Ed Averett. Sinali yokopera mwachimbulimbuli: timadontho take tinali 12 tokha ndipo tinkayenda, wosewera ankathanso kumanga tinjira take. Khoti loyamba linakana kuiletsa. Koma mu 1982 khoti la apilo linagamula mokomera Atari, ponena kuti ngakhale lingaliro la kudya timadontho m'tinjira lilibe mwini, maonekedwe a kachilombo kodyako ndi a mizukwa yothamangitsayo anali ofanana kwambiri ndi a Pac-Man. Gemuyo inachotsedwa pamsika, ndipo chigamulochi chinakhala chimodzi mwa zoyambirira zosonyeza mmene lamulo la umwini wa zopeka limagwirira ntchito pa magemu.

Ms. Pac-Man, amene sanabadwire ku Japan

Vuto la oloweza njira lija linapatsa mwayi anyamata ena a pa yunivesite ya MIT ku Massachusetts. Doug Macrae ndi Kevin Curran anali ndi makina awoawo m'nyumba zogona ophunzira, ndipo anaona ndi maso awo ndalama zikuchepa anthu akaizolowera gemu. Anayambitsa kampani ya General Computer Corporation n'kumapanga tizipangizo tolumikiza m'makina akale kuti gemu ikhale yovuta. Koyamba kanali ka Missile Command ya Atari. Atari inawasumira, koma mlanduwo unathera pa kugwirizana: anyamatawo azipangira Atari magemu, ndipo asagulitsenso tizipangizo totere popanda chilolezo cha mwini gemu.

Nthawi imeneyo anali atatsala pang'ono kumaliza kena kosinthira Pac-Man, kotchedwa Crazy Otto, komwe kachilombo kake kanali ndi miyendo. Anapita nako ku Midway kukapempha chilolezo. Midway inali ndi ludzu la Pac-Man yachiwiri, ndipo Namco inali isanatumize. Ndiye m'malo mongowalola, inagula ntchito yonseyo. Otto anadulidwa miyendo, anamangidwa riboni kumutu, anapakidwa milomo, n'kukhala Ms. Pac-Man, amene anatuluka kumayambiriro kwa 1982. Nakamura anadziwitsidwa ndipo anaperekapo maganizo pa maonekedwe ake.

Kusintha kwake kunali kochepa koma kolasa pamtima pa vuto. Tinjira tinakhala ta mitundu inayi m'malo mwa umodzi. Zipatso zinayamba kulowa pakhomo la m'mbali n'kumadumphadumpha m'tinjira, kuti uzithamangire. Ndipo pa masekondi oyambirira mizukwa ina imayenda mosadziwika, kotero njira zoloweza zija zinatha ntchito. Makina oposa 100,000 anagulidwa, ndipo osewera ambiri mpaka lero amati iyi ndiyo yokoma kuposa yoyamba. Inenso ndili mbali yawo. Pac-Man yachiwiri ya Namco, Super Pac-Man, ya makiyi ndi zitseko, inatuluka chakumapeto kwa 1982 koma sinafikepo. Midway inapitiriza kubala ana a banjali payokha, Baby Pac-Man, Jr. Pac-Man, Professor Pac-Man, mpaka ubale wake ndi Namco unatha.

Mgwirizano wa masiku amenewo unasiya chingwe chimene chikukokabe. Anthu a General Computer anatsala ndi ufulu wolandira gawo la ndalama za Ms. Pac-Man. Mu 2019 kampani ya AtGames inagula ufulu umenewo, ndipo Bandai Namco, dzina la Namco kuchokera pamene inaphatikizana ndi Bandai mu 2005, inapita nayo kukhoti. Kuyambira 2022, magemu akale akamatulutsidwanso, pamalo pa Ms. Pac-Man pamaoneka wina wotchedwa Pac-Mom, wovala chipewa chapinki. Zimandimvetsa chisoni kuti mwana amene akuyamba kusewera lero angathe osamudziwa.

Kugwa kwa Atari, kudzuka kwa Famicom

Mu 1983 msika wa magemu akunyumba ku America unagwa. Zifukwa zinali zingapo: makampani ambirimbiri anadzaza masitolo ndi makaseti achabechabe, mitengo inagwa, makompyuta akunyumba ngati Commodore 64 anatchipa, ndipo ogula anali atapsa kale ndi magemu a mayina akuluakulu osakwaniritsa lonjezo. Pac-Man ya 2600 siinagwetse msika yokha, koma inali m'gulu la zimene zinaphunzitsa anthu kukayika. Chaka chimenecho Atari inaluza madola oposa 500 miliyoni, ndipo makaseti osagulidwa anakakwiriridwa kudzala la ku Alamogordo ku New Mexico, kumene anafukulidwa mu 2014.

Chaka chomwecho cha 1983, ku Japan kampani ya Nintendo inatulutsa makina ake a magemu akunyumba, Famicom. Namco inali m'gulu la makampani oyambirira akunja kuipangira magemu, ndipo mu November 1984 inatulutsa Pac-Man yolemba yokha. Kusiyana kwake kunaoneka nthawi yomweyo. Makoma abuluu anabwerera, zipatso zinabwerera, mizukwa inayi inakhala ndi mitundu yake. Vuto la TV yogona analithetsa pofinya tinjira pang'ono n'kusunthira mapointi kumbali ya kumanja. Imeneyi ndi Pac-Man imene inafika kutali kuposa zonse, chifukwa mafakitale a ku Taiwan ndi ku China atayamba kupanga makina otsanzira Famicom, inali m'gulu la timagemu ting'onoting'ono tosavuta kudzaza m'kaseti imodzi. Makina amenewa ndi aja anafala ku South Africa ndi m'mayiko oyandikana nawo pa dzina loti TV gemu. Ngati munaisewera pa makina otero, mapointi ali kumanja, munkasewera ntchito ya Namco ya 1984.

Ku America gemu yomweyi inatuluka katatu pa NES, dzina la Famicom kumeneko: koyamba kudzera ku kampani ya Tengen ndi chilolezo cha Nintendo, kachiwiri m'kaseti yakuda ya Tengen yomweyo itakangana ndi Nintendo n'kuyamba kupanga makaseti popanda chilolezo, kachitatu kuchokera ku Namco mu 1993. Pa Game Boy, kamakina kam'manja ka Nintendo, mu 1990, panabuka vuto latsopano. Kasikirini kake kanali kakang'ono moti ukafuna kuona bwino tinjira sitinkaoneka tonse nthawi imodzi, ndipo kanalibe mitundu. Mzukwa ukatulukira pakona sukanadziwa ngati ndi wothamangitsa kapena wobisalira. Chimene Iwatani anakanira bwana wake chinabwerera chifukwa cha makina.

Za magemu ena a banjali tingodutsapo. Pac-Land ya 1984 inam'patsa miyendo n'kumuyendetsa kuchoka kumanzere kupita kumanja, chaka chimodzi Super Mario Bros isanatuluke. Pac-Mania ya 1987 inamuphunzitsa kudumpha mizukwa. Pac-Man World ya 1999 pa PlayStation inali yabwino ndithu, koma ndi gemu ya mtundu wina yovala nkhope yodziwika.

Pamene nyumba inakwanitsa

Pakati pa zaka za m'ma 1990 makina akunyumba anaposa mphamvu chibokosi cha 1980 kutalitali. Namco Museum, gulu la magemu akale a Namco, imene inayamba kutuluka pa PlayStation mu 1995, inabweretsa Pac-Man yofanana kwambiri ndi yapachiyambi. Kenako panabwera njira ina yosiyana ndi zonse zam'mbuyo. M'malo molembanso gemu kuti igwirizane ndi makina atsopano, bwanji osaphunzitsa kompyuta kunamizira kuti ndi makina akalewo, n'kuipatsa pulogalamu yeniyeni ya 1980? Nicola Salmoria wa ku Italy anayamba ndi pulogalamu yoyendetsa magemu a banja la Pac-Man, ndipo mu 1997 inakula n'kukhala MAME, imene lero imasunga magemu zikwi zambiri amene makina ake anawola kalekale. Mwa njira imeneyi chilichonse chimabwera mmene chinalili, ndi zolakwika zomwe. Gawo la 256 limasweka chimodzimodzi. Ngakhale kacholakwika kakuti Pac-Man akayang'ana kumwamba, Pinky amalondola timabokosi tinayi kumwamba ndi tinayi kumanzere, kamakhalapo.

Komabe gemu yopangidwira kudya ndalama imamveka mwina ukakhala pampando wako, wopanda wokudikira kumbuyo, ukudziwa kuti ukafa ungoyambiranso ulere. Yankho la vuto limeneli linabwera mu June 2007, pa Xbox 360, ndi Pac-Man Championship Edition, ntchito yomaliza ya Iwatani asanapite kukaphunzitsa ku Tokyo Polytechnic University. Tinjira take tinapangidwira TV yogona kuyambira pachiyambi. Tinagawidwa pawiri: ukamaliza timadontho ta mbali imodzi, mbali inayo kumatuluka chipatso, ukachidya mbali yoyamba ija imasintha maonekedwe n'kudzazanso. Liwiro limakwera ukamachita bwino. Ndipo m'malo mwa kandalama anaikapo wotchi ya mphindi 5, mapointi ako n'kukaikidwa pa intaneti pambali pa a anthu a dziko lonse. Mtima uja wothamanga umene munthu ankaumva ataima pa chibokosi unabwerera, popanda kabowo ka ndalama.

Pa 21 May 2010 Google inasandutsa chizindikiro chake kukhala Pac-Man yoseweredwa, pokumbukira zaka 30. Mu 2012 Museum of Modern Art ya ku New York inaika gemuyi m'gulu la magemu 14 oyambirira kusungidwa kumeneko. Mu 2015 cholakwika chija chinasanduka gemu payokha, Pac-Man 256, mmene zilembo zosokonekera zimakwera kuchokera kumunsi n'kumakuthamangitsa m'tinjira topanda mapeto.

Pafoni, sikirini yaimiriranso ngati ya ku Shibuya, ndipo tinjira timakwana tonse popanda kufinya. Chimene chikusowa tsopano ndi kandodo kowongolera kaja kokhala ndi mpira kumutu, kongopita mbali zinayi zokha, kamene unkatha kukakankhira kumanzere usanafike pakona n'kumva m'dzanja kuti kagwira. Chala chotsetsereka pagalasi chimachedwa pang'ono, ndipo pa magawo apamwamba, Blinky ali kabokosi kamodzi kumbuyo kwako, kuchedwa kumeneko n'kokwanira kuti akugwire.